Michael Faraday, wantchito amene adakana kutsitsa chikalata

M'chaka cha 1823, kulikulu la bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society mumzinda wa London kudapachikidwa chikalata chokhala ndi dzina la Michael Faraday. Mwambo wa bungwelo udali woti munthu asanalandiridwe kukhala membala, omuvomereza asaine chikalata chotere, ndipo chikhale poonekera kwa masabata angapo voti isanaponyedwe. Pulezidenti wa bungwelo panthawiyo adali Sir Humphry Davy, munthu yemweyo amene zaka khumi m'mbuyomo adamutenga Faraday pantchito yomata mabuku n'kumuika m'labotale.

Davy adalamula Faraday kuti atsitse chikalatacho. Faraday adayankha kuti sadachipachike ndiye, choncho sakadatha kuchitsitsa. Atauzidwa kuti akakambe ndi omwe adachisaina kuti achichotse, adati akudziwa kuti anthuwo sangalole. Davy adaopseza kuti achichotsa yekha ndi mphamvu zake za upulezidenti, ndipo Faraday adangomusiyira nkhaniyo, n'kunena kuti sakukayika kuti bwana wakeyo achita chimene akuona kuti n'chokomera bungwelo. Chikalatacho chidakhalabe pamalo ake.

Faraday adali ndi zaka 31, analibe digiri, ndipo nyumba imene ankagonamo ndi mkazi wake idali ya kuntchito kumene mawu a Davy adali olemera kuposa a wina aliyense. Kuti kulimba mtima kwa tsikulo kumveke, nkhani iyenera kuyambira kutali.

Iye adabadwa pa 22 Seputembala 1791 ku Newington Butts, dera lomwe lero lili kummwera kwa London. Bambo wake, James, adali mmisiri wosula zitsulo koma wodwaladwala, moti pakhomopo njala sidali yachilendo. Banjali linkapemphera mumpingo waung'ono wa Sandemanian, umene unkaphunzitsa kudzichepetsa ndi kusaunjika chuma. Sukulu imene Michael adapita idangomupatsa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera pang'ono. Ali ndi zaka 13 adayamba kutumikira George Riebau, wogulitsa ndi kumata mabuku pamsewu wa Blandford, ndipo m'chaka cha 1805 adalowa pangano la zaka 7 lophunzira lusolo.

Mabuku amene ankabwera kuti awamate, iye ankayamba wawawerenga. Nkhani ya magetsi adaipeza mu Encyclopaedia Britannica, ndipo za mmene zinthu zimasakanikirana ndi kusinthika adaziphunzira m'buku la Jane Marcet lotchedwa Conversations on Chemistry. Ndi tindalama tochepa ankagula mabotolo akale ndi zipangizo zina kuti ayese yekha ngati zolembedwazo zidali zoona. Khalidwe losakhulupirira chinthu asanachione ndi maso ake adali nalo Davy asanamudziwe n'komwe.

Kumayambiriro kwa 1812 kasitomala wina wa Riebau, William Dance, adamupatsa matikiti okamvera Davy akuphunzitsa ku Royal Institution, nyumba ya kafukufuku ndi maphunziro a sayansi pamsewu wa Albemarle. Davy panthawiyo adali pachimake. Adabadwira ku Penzance m'chaka cha 1778, nayenso m'banja losalemera, ndipo pogwiritsa ntchito batire adali atatulukira potassium ndi sodium mu 1807, kenako calcium, magnesium ndi zina chaka chotsatira. Olemera a mu London ankadzaza holo kudzamumvera. Faraday adamvera maphunziro anayi, n'kulemba zonse mwaudongo, kujambula zithunzi za zipangizo, ndi kumata bukulo la masamba oposa 300. Adayamba walembera Sir Joseph Banks, yemwe ankatsogolera Royal Society, kupempha ntchito iliyonse ya sayansi, koma sadayankhidwe. Kenako bukulo adalitumiza kwa Davy.

Mwayi udabwera kudzera m'ngozi ziwiri za anthu ena. Mankhwala ataphulika n'kuvulaza Davy m'diso, Faraday adaitanidwa kwa masiku ochepa kuti azimulembera. Patapita miyezi, wothandizira m'labotale, William Payne, adachotsedwa ntchito chifukwa cha ndewu, ndipo mu Malichi 1813 malo ake adapatsidwa kwa Faraday pa malipiro a masheleni 25 pasabata ndi zipinda zogona pamwamba pa nyumbayo.

Pasanathe chaka, Davy adanyamuka ulendo wokayendera akatswiri anzake ku Ulaya, ngakhale Britain idali pankhondo ndi France. Napoleon adapereka chilolezo. Wantchito wosamalira zovala ndi katundu wa Davy adakana kupita, ndipo Faraday adapemphedwa kugwirizira ntchitoyo mpaka atapezeka wina. Winayo sadapezeke mpaka ulendo udatha. Kuyambira Okutobala 1813 kufika Epulo 1815, mnyamatayu adali wothandizira pa kafukufuku masana ndi wantchito wa m'nyumba madzulo. Mkazi wa Davy, Jane, mayi wachuma amene Davy adamukwatira chaka cha 1812, sankafuna kusiyanitsa ntchito ziwirizi. Kwa iye Faraday adali wantchito basi, woyenera kudya ndi antchito anzake ndi kukwera kunja kwa ngolo. Makalata amene Faraday ankalembera mnzake Benjamin Abbott akuonetsa kuti nthawi ina adaganiza zobwerera kukamata mabuku.

Komabe ulendowo ndiwo udali yunivesite yake. Ku Paris adaona Davy akufufuza iodine, chinthu chomwe chidali chitangotulukiridwa kumene, ndipo adakumana ndi André-Marie Ampère. Ku Florence adathandiza kutentha dayamondi ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa m'galasi lalikulu, pofuna kuonetsa kuti mwala wodulawo ndi carbon, chimodzimodzi ndi makala. Ku Milan adaonana ndi Alessandro Volta, mwini wake wa batire. Ku Geneva banja la De la Rive lidamulandira ngati katswiri mnzawo, ndipo ubwenziwo udakhala moyo wake wonse. Anthu amenewa adamudziwa chifukwa cha Davy, koma makalata amene ankalemberana nawo pambuyo pake adali ake.

Atabwerera, adathandiza Davy pa nyali yoteteza anthu a m'migodi ya malasha kuti mpweya usaphulike. Pepala lake loyamba la kafukufuku lidatuluka mu 1816, ndipo lidali lofotokoza zomwe adapeza atapima laimu wochokera ku Tuscany. Ntchitoyo adamupatsa ndi Davy, ndipo Davy adalembapo ndemanga. Umu ndimo zinthu zidayendera kwa zaka zingapo: namkungwi ankasankha funso, wophunzira ankagwira ntchito, ndipo onse adali okhutira. Pofika 1820 Faraday adali atapanga mankhwala awiri atsopano ophatikiza chlorine ndi carbon, ndipo ankafufuza zosakaniza zitsulo ndi James Stodart, mmisiri wopanga mipeni ya madokotala.

Mavuto adayamba pamene funso lidakhala lake. M'chaka cha 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark adalengeza kuti magetsi akamayenda m'waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imatembenuka. Nkhaniyi idatekesa akatswiri onse a ku Ulaya. William Hyde Wollaston, katswiri wolemekezeka komanso mnzake wa Davy, adaganiza kuti waya wokhala ndi magetsi ukayandikizidwa ku maginito uyenera kuzungulira pamalo amodzi ngati nguli. Mu Epulo 1821 iye ndi Davy adayesa zimenezi m'labotale ya Royal Institution, koma zidakanika. Faraday adalowa m'chipindamo awiriwo akukambirana ndipo adamvako zina.

Miyezi yotsatira, mnzake Richard Phillips adamupempha kuti alembere magazini ya Annals of Philosophy mbiri ya zonse zomwe zidadziwika pa nkhaniyi. Monga mwa chizolowezi chake, Faraday adabwereza yekha kafukufuku aliyense asanamulembe. Kumayambiriro kwa Seputembala 1821 adaimika maginito m'kapu yokhala ndi mercury, n'kulendeweza waya kuti nsonga yake ikhudze mercury uja. Atalumikiza batire, wayawo udayamba kuyenda mozungulira maginito, monga mbuzi imazungulirira chikhomo chimene yamangidwapo, ndipo sudaime. Aka kadali koyamba kuti magetsi ayendetse chinthu mosalekeza, ndipo pamenepa ndi pomwe padachokera mota yamagetsi.

Nguli ndi mbuzi ya pachikhomo si chinthu chimodzi, ndipo amene adawerenga mwachifatse adaona kusiyana kwake. Koma Faraday adathamanga. Adapita kukafuna Wollaston kuti amuonetse pepalalo, adapeza kuti wachoka mumzinda, ndipo m'malo modikira adalisindikiza mu Okutobala popanda kutchula Wollaston kapena Davy. Pasanathe masiku ambiri mphekesera idafala mu London yoti wothandizira wa Davy waba nzeru za eni ake.

Apa Faraday adalakwa ndithu, ngakhale kulakwa kwake kudali kwa mwambo osati kwa umbava. Mzere umodzi wothokoza ukadatseka pakamwa anthu ambiri. Iye adazindikira msanga, nalembera Wollaston kalata yodzichepetsa yopempha kuti akumane. Wollaston sadaikokere nkhaniyo patali, ndipo pambuyo pake adapita kulabotale kukaona waya uja ukuzungulira. Amene akadatha kuzimitsa motowo ndi mawu ochepa adali Davy, yemwe ankadziwa bwino lomwe zimene aliyense adachita. Davy adakhala chete. Zonsezi zinkachitika Faraday atangokwatira kumene Sarah Barnard, mu Juni chaka chomwecho.

Chilonda chisanapole, china chidabwera. Mu Malichi 1823 Faraday ankafufuza timibulu tomwe timapangika chlorine ikasakanikirana ndi madzi ozizira kwambiri. Davy adamulangiza kuti atitenthe m'botolo lagalasi lomata mbali zonse. Faraday atatero adaona timadontho tooneka ngati mafuta, ndipo adazindikira kuti ndi mpweya wa chlorine umene wasanduka madzi chifukwa chopanikizika. Chlorine idali ngati munda wa Davy, popeza ndiye adatsimikiza mu 1810 kuti ndi chinthu choima pachokha n'kuchipatsa dzinalo. Pepala la Faraday lisanawerengedwe ku Royal Society, Davy adaonjezerapo mawu ake osonyeza kuti ganizo lidali lake ndipo ankayembekezera zotsatirazo. Mu 1821 Faraday adadzudzulidwa chifukwa chosatchula akulu. Mu 1823 mkuluyo adadzitchula yekha papepala la mwana.

Anzake a Faraday, motsogozedwa ndi Phillips, ndiwo adapachika chikalata chija patangopita miyezi yochepa. Wollaston yemwe adali mmodzi mwa omuvomereza. Faraday adalembanso nkhani yofotokoza mwatsatanetsatane mmene kafukufuku wa 1821 adayendera, yopatsa aliyense gawo lake. Voti idaponyedwa pa 8 Januwale 1824, ndipo adalandiridwa, munthu mmodzi yekha atakana. Votiyo idali yachinsinsi.

N'kosavuta kumuona Davy ngati munthu wanjiru chabe, koma chithunzicho n'choperewera. Monga pulezidenti ankayesa kukhwimitsa kalandiridwe ka mamembala, ndipo sankafuna kuoneka ngati akukankhira munthu wake. Adalinso munthu wochokera pansi amene adavutika kuti olemera amulandire, ndipo mwina kuona yemwe ankamunyamulira katundu akukhala naye pampando umodzi kunkamukumbutsa kumene iye mwini adachokera. Chodziwika n'chakuti mu 1825 Davy yemweyo adavomereza kuti Faraday akwezedwe kukhala mkulu wa labotale ya Royal Institution. Ankafuna kuti mnyamatayo akule, bola akulire m'khonde mwake.

Akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma Faraday sadasamuke. Mu 1827 yunivesite yatsopano ya London idamupempha kuti akakhale pulofesa, ndipo adakana chifukwa cha chikondi chake pa Royal Institution. Adasankha njira yotenga nthawi, yomanga zinthu zake m'nyumba momwemo. Mu 1825 adatulukira benzene m'mafuta otsalira popanga gasi wounikira. Adakhazikitsa maphunziro a Lachisanu madzulo, amene adakopa anthu ndi ndalama panthawi imene nyumbayo idali pamavuto a zachuma, komanso maphunziro a achinyamata a nyengo ya Khirisimasi, omwe akuchitikabe mpaka lero. Iye mwini adawaphunzitsa maulendo 19. Mu 1827 adatulutsa buku lake la Chemical Manipulation. Ankapima katundu wa makampani, kuperekera umboni m'makhoti ngati katswiri, ndipo pambuyo pake adayamba kuphunzitsa asilikali ku Royal Military Academy ku Woolwich. Pamapeto pa zaka zimenezi Royal Institution inkamufuna Faraday kuposa mmene iye ankaifunira.

Ngakhale zidali choncho, nthawi yake yambiri sidali yake. Mu 1824 Royal Society, Davy ali pampando, idakhazikitsa komiti yofufuza kapangidwe ka galasi labwino la makina oonera kutali, popeza amisiri a ku Bavaria adali atawasiya Angerezi kumbuyo. Ntchito yeniyeniyo idagwera Faraday. Mu 1827 ng'anjo idamangidwa ku Royal Institution, ndipo msilikali wopuma, Sajeni Charles Anderson, adalembedwa kuti azimuthandiza kusonkhezera moto. Zaka zidapita akusungunula, kuziziritsa ndi kupima magalasi amene ambiri ankatuluka ndi timizere kapena timathovu. Olemba mbiri ena amaona ntchitoyi ngati njira imene Davy adamuchotsera pa kafukufuku wa magetsi, pamene ena amati idali ntchito yofunika ku dziko imene idapatsidwa kwa munthu waluso kuposa onse. Zilizonse zimene Davy ankaganiza, Faraday adali atalemba kale m'kabuku kake mu 1822 cholinga chosandutsa mphamvu ya maginito kukhala magetsi, ndipo kwa zaka zonsezo ankangochiyesa mwa apo ndi apo, osaphula kanthu.

Wollaston adamwalira mu Disembala 1828. Davy, yemwe adadwala sitiroko n'kutula pansi upulezidenti mu 1827, adamwalira ku Geneva pa 29 Meyi 1829 ali ndi zaka 50. Faraday adapereka lipoti lalikulu la ntchito ya galasi kumapeto kwa chakacho, ndipo pakati pa 1831 adalembera Royal Society kupempha kuti amumasule kuti atsate maganizo ake.

Pa 29 Ogasiti 1831 adatenga mkombero wachitsulo, n'kukulunga waya mbali imodzi ndi waya wina mbali inayo, osakhudzana. Waya woyamba adaulumikiza ku batire, wachiwiri ku chipangizo chosonyeza ngati magetsi akuyenda. Singano idagwedezeka pamene ankalumikiza batire, n'kubwerera, ndipo idagwedezekanso pamene ankalumula. Chimene chidamuzemba zaka zonse zija chidali chakuti maginito ongokhala sabala magetsi. Chofunika ndi kusintha. Mu Okutobala adapeza zomwezo polowetsa ndi kutulutsa maginito m'waya wokulungidwa, kenako pozungulitsa mbale ya kopa pakati pa maginito aakulu, ndipo magetsi adatuluka mosadukiza. Pa 24 Novembala zotsatirazi zidawerengedwa ku Royal Society. Majenereta a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamtsinje wa Shire amagwira ntchito pa mfundo yomweyi, chimodzimodzinso thiransifoma ya pamtengo wamagetsi.

Adali ndi zaka 40, ndipo zaka 18 zidali zitapita chilowereni m'labotale. Zotsatira zidabwera motsatizana. Mu 1833 ndi 1834 adakhazikitsa malamulo a mmene magetsi amagawira mankhwala, ntchito imene Davy adaiyamba, ndipo mothandizana ndi William Whewell wa ku Cambridge adabweretsa mawu monga electrode, anode, cathode ndi ion, amene ana a sekondale amaloweza lero. Kuti apeze nthawi, adasiya pafupifupi ntchito zonse za makampani, zomwe mu 1830 zidamupatsa ndalama zoposa mapaundi 1,000. Zolemba zake za m'labotale adaziika manambala ndime ndi ndime mpaka kupitirira 16,000, zolephera pamodzi ndi zopambana, ndipo ovuta kuwakhutiritsa akadafuna kudziwa amene adayamba kuona chinthu, tsiku lidali lolembedwa. Ngakhale galasi lotopetsa lija lidabweza ngongole: mu 1845 adagwiritsa ntchito chidutswa chake poonetsa kuti maginito amakhudza kuwala.

Za Davy sadalankhulepo zonyoza pagulu. Mu 1836, mng'ono wa Davy, John, atadzutsanso nkhani ya chlorine m'buku la mbiri ya mkulu wake, Faraday adayankha pofotokoza mwadongosolo zimene zidachitika, osaonjezera ukali. Kwa anzake apamtima adavomereza kuti chikhalireni membala wa Royal Society ubale wake ndi Davy pa za sayansi sudabwererenso mwakale, ndiponso kuti zina zimene adaphunzira kwa namkungwi wakeyo zidali zoyenera kupewa. Davy adalandira ulemu wa Sir ndi mpando wa upulezidenti. Faraday adapatsidwa mpando womwewo ndipo adaukana.

Pali chinthu chimodzi chimene mbiri yake imasiya chopanda yankho losavuta. Munthu amene adalowa m'sayansi chifukwa chakuti wina adamutsekulira chitseko sadakhale ndi wophunzira wakewake. Adaphunzitsa zikwi za anthu m'holo, koma m'labotale ankagwira yekha ndi Anderson, amene adakhala naye zaka pafupifupi 40 ndipo ankachita zimene wauzidwa osafunsa chifukwa. Faraday ankati sangathe kugwira ntchito kudzera m'manja mwa wina. N'kutheka kuti chidali chibadwa chake, koma munthu amene adalawa mbali imodzi ya ubale woterewu akhoza kuopa kukhala mbali inayo.

Wolowa m'malo mwake adachokera kutali. Maganizo a Faraday akuti mphamvu ya maginito ndi magetsi imayala mizere yosaoneka m'malo ozungulira sankalandiridwa ndi akatswiri a masamu, popeza iye masamu sankawadziwa kwenikweni. James Clerk Maxwell, mnyamata wa ku Scotland wa zaka za m'ma 20, adawaika maganizowo m'masamu n'kumutumizira pepalalo. Mu 1857 nkhalambayo idamuyankha mothokoza ndi momulimbikitsa, osapempha kuti dzina lake liikidwe patsogolo kapena kumuuza njira yoti atsate.

Kukumbukira kwake kudayamba kufooka cha m'ma 1839, ndipo kudanka kuipiraipira. Mu 1858 Mfumukazi Victoria idamupatsa nyumba ku Hampton Court, kumene adamwalirira pa 25 Ogasiti 1867 ali ndi zaka 75. Iye ndi Sarah sadakhale ndi ana. Adaikidwa m'manda a Highgate, osati ku Westminster Abbey, monga mwa kufuna kwake. Mkombero wachitsulo wa 1831 ukusungidwa ku Royal Institution pamsewu wa Albemarle, m'nyumba momwemo mmene mulinso buku lija la masamba oposa 300 limene adamata ndi manja ake n'kutumiza kwa Davy mu 1812.